Funsani Malume: Kayak yowedzera mu bay ya madzi amchere, nditenge yotani?

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani imodzi, ya kuwedza uli pa kayak, kabwato kakang'ono kopalasa kaja, m'madzi amchere, makamaka mu bay, paja nyanja imalowa m'kati mwa mtunda n'kusiya pakamwa potulukira. Ndasankhapo asanu ndi limodzi. Ena ndawadulako poti anali aatali ngati ulaliki, eni ake musakwiye.

FUNSO: Zikomo a Malume. Ine ndakhala ndikuwedza zaka zambiri nditaima pa miyala m'mbali mwa gombe, koma nsomba zazikulu ndimangoziona zikuvundula madzi uko pakati komwe chingwe changa sichifika, nde ndaganiza zogula kayak. Bay yathu ndi yaikulu, m'mawa imakhala phee koma masana imavuta. Mnzanga akufuna andigulitse yake ya mamita 3, ija yolowetsa miyendo m'kati, akuti ndi yopepuka komanso sinabooke paliponse. Nditenge? Ndine wa thupi ndithu, makilogalamu 95. Ndine Wotopa ndi Miyala.

YANKHO: Achimwene musatenge. Mnzanuyo sakukunamizani ayi, yopepuka ndi yopepukadi, koma kayak imeneyo anaipangira kumakaseweretsa pa damu kapena pa mtsinje wodekha Loweruka masana, osati madzi amene mwanena nokha kuti masana amavuta. Mawu amenewo ndi amene ndawagwira m'kalata yanu yonse. Anthu ambiri akamasankha kayak amaganiza za m'mawa muja madzi ali ngati galasi, pomwe chofunika n'kuganiza za ulendo wobwerera, 1 koloko masana, mikono yatopa, mphepo ikukuwombani kumaso, gombe mukuliona koma silikuyandikira.

Tiyambe ndi mtundu wake. Pali yolowa m'kati ngati ya mnzanuyo, ndiye pali ina yokhala pamwamba imene m'masitolo amaitcha sit-on-top. Yolowa m'kati ndi imene ili pafupi ndi kayak yeniyeni ya makolo a anthu a mtundu wa Inuit ndi Aleut kumpoto kozizira kuja, iwo ankakunga zikopa za nyama za m'nyanja pa mafupa ndi timitengo n'kumakasakira m'madzi oundana, ndipo ankadziwa kudzitembenuza okha ikagadabuzika osatulukamo. Inu ndi ine luso limenelo tilibe. Ikagadabuzika yolowa m'kati imadzaza madzi, ndiye kuti muipope kapena muikape muli m'madzi momwemo mafunde akukumenyani, mbedza zikulendewera pafupi ndi miyendo. Yokhala pamwamba ili ngati chigubu chotseka, ili ndi mabowo odutsa pansi otulutsira madzi, funde likakwera limangotsika lokha, ikatembenuzika mumaitembenuzanso n'kukwera basi. Pa usodzi wa m'madzi amchere ine sindikambirananso, tengani yokhala pamwamba.

Kenako utali. Kayak yaifupi imamvera msanga mukafuna kukhota, ndipo vuto lake ndi lomwelo, nkhafi ikalowa kumanja mphuno imathawira kumanzere, ikalowa kumanzere mphuno kumanja, mukuyenda ngati bakha ndipo theka la mphamvu zanu likuthera pokonza njira. Mu bay yaikulu yambirani pa mamita 3.6 kufika 4.3, imene ogulitsa amalemba kuti 12 mpaka 14 feet. Yotalika chonchi imadula mafunde ang'onoang'ono aja m'malo momangowagunda phwa phwa, ndipo mukasiya kupalasa imapitirizabe pang'ono. Yanga yoyamba inali yaifupi ngati imeneyo. Tsiku lina ndinatsatira mbalame zimene zinkagwera pamadzi, mtunda wosakwana makilomita awiri, kupita kunali kosavuta mpaka ndinkadziyamikira kuti ndayamba kulimba, kumeneko mphepo ndi imene inkandikankha kumsana ine osadziwa. Pobwerera ndinapalasa pafupifupi maola awiri, ndikasiya kuti ndimwe madzi ndinkaona kachizindikiro koyandama kamene ndinali nditakadutsa kale kakubwereranso pambali panga. Matuza m'manja, nsomba ziwiri zokha, ndinafika ndi kugona pamchenga osalankhula ndi munthu.

Mulifupi mwake ndi pamene ogulitsa amakolera anthu. Amakuuzani kuti iyi ndi yotakasuka simungagwe, mutha kuimirira n'kuvina. Zoona, ya masentimita 90 kupita m'tsogolo pa madzi odekha ili ngati khonde la nyumba. Koma kukhazikika kulipo pawiri. Pali kuja mumakumva mutangokhala madzi ali bata, ndiye pali kuja kumaoneka funde likabwera cham'mbali n'kuipendeketsa. Yapansi pophwatalala imatsatira funde mmene lapendekera, imalimba imalimba kenako mwadzidzidzi yakutayani osakuchenjezani. Yapansi pozungulirako pang'ono imanjenjemera tsiku loyamba mpaka mtima kugunda, koma mafunde amadutsa pansi pake inu muli chikhalire, ndipo pakatha maulendo atatu chiuno chimazolowera chokha. Komanso yotakasuka kwambiri ndi yolemera kupalasa ndipo mphepo imaigwira ngati chitseko. Kwa inu ndinganene masentimita 75 mpaka 85.

Tsopano za thupi lanulo. Kayak iliyonse amalembapo kulemera kumene inganyamule, koma nambala imeneyo si yoti muifikire, ndi pamene yatsala pang'ono kumira m'mbali. Asodzi ozolowera amayesetsa kusapitirira magawo atatu mwa anayi. Inu 95, onjezanipo ndodo, bokosi la mbedza, madzi akumwa, nangula, batire ngati muikapo makina oonera nsomba, chikwama cha ayezi, nsomba zomwezo mukazipha, mwafika 120 kapena 125 mosavuta. Ndiye funani yolembedwa makilogalamu 170 kupita m'mwamba. Mukaidzaza mopitirira muona madzi akutuluka m'mabowo aja kulowa pamene mwakhala, matako m'madzi tsiku lonse.

Ndipo musanapereke ndalama inyamuleni kaye. Ndikunena zenizeni, igwireni muyese kuikweza pa denga la galimoto nokha. Zopalasa ndi nkhafi zambiri zimakhala pakati pa makilogalamu 25 ndi 35, ndipo ndikudziwa anthu angapo amene kayak zawo zokongola zimangogona kuseri kwa nyumba zikutola fumbi chifukwa kuti aitulutse pamafunika kudzutsa munthu wina 4 koloko m'mawa. Mpando nawonso muukhalire kwa kanthawi, msana ndi umene umabweza asodzi ambiri kumtunda nsomba zisanayambe n'kudya komwe. Zoikamo ndodo, tinjanji tomangirapo zida, zonsezo mutha kuwonjezera pambuyo, koma utali ndi kapangidwe ka pansi simungazisinthe.

FUNSO: A Malume, ya mapedulo ndi ya nkhafi yabwino ndi iti? Pa YouTube aliyense akungopalasa ndi miyendo manja ali pa ndodo, ine ndayamba kuona ngati ya nkhafi ndi yachikale. Ndine Mnyamata Wofuna Zamakono.

YANKHO: Mphwanga, amene mukuwaona pa YouTube aja sakuonetsani pamene akuikoka pa mchenga thukuta lili kamukamu. Koma ndisakunamizeni, mapedulo ndi abwino. Kampani ya Hobie ndi imene inatchukitsa zimenezi itatulutsa MirageDrive mu 1997, ili ndi zipsepse ziwiri pansi zimene zimakupiza uku ndi uku mukamaponda, makampani ena monga Native Watercraft ndi Old Town anatsata njira ya pulopela, mumapalasa mozungulira ngati njinga ndipo mukapalasa chobwerera m'mbuyo nayonso imabwerera m'mbuyo. Ubwino wake waukulu ndi woti miyendo ili ndi mphamvu kuposa mikono, nde mphepo ikamakukankhani mutha kuima pamalo amodzi mukuponda pang'onopang'ono uku mukuponya, pomwe wa nkhafi amaponya kamodzi, kuika ndodo pansi, kupalasa kubwerera pamalo paja, kuponyanso, tsiku lonse. Pafupi ndi mizati ya mlatho kapena pamene madzi akuthamanga kusiyana kwake n'koonekeratu.

Kuipa kwake kulipo katatu. Kulemera, mwachitsanzo Hobie Pro Angler 14 ikakhala ndi zonse imapitirira makilogalamu 60, imeneyo ndi ya ngolo osati ya paphewa. Chachiwiri madzi osaya. Mu bay zambiri nsomba zimakonda kudyera m'malo osaya a udzu wa m'madzi ndi nkhono, pamenepo pulopela imakola udzu kapena kugunda pansi ndiye mumangokhalira kuikweza ndi kuitsitsa. Chachitatu, chilichonse chokhala ndi tcheni, mabawuti ndi zingwe chimadana ndi mchere ndipo chimathyoka tsiku limene muli kutali. N'chifukwa chake ngakhale wa mapedulo nkhafi sasiya, ndipo ine ndimati aphunzire kaye kuigwiritsa ntchito bwinobwino, poti kupalasa ndi nkhafi chikayak chotakasuka cha mapedulo mphepo ili kumaso ndi chilango. Ngati bay yanu ndi yakuya, yotambalala, ndipo muli ndi poitsitsira pafupi ndi madzi, tengani ya mapedulo ngati thumba likulola. Ngati ndi ya matope ndi timifuleni, ya nkhafi sinakalambe. Ndalama zotsalazo mugulire nkhafi yopepuka, pa kayak yotakasuka ya mpando wokwera imafunika yaitali, masentimita 240 mpaka 260, mudzandithokoza mapewa akadzasiya kuwawa.

FUNSO: Ine kayak ndili nayo kale ndipo ndinazolowera kuwedza m'madamu. Sabata yatha ndinapita ku bay koyamba. Ndinatsikira pamalo abwinobwino madzi akufika m'mawondo, pobwerera ndinapeza madzi athawa, matope okhaokha mtunda wautali, ndinakoka kayak ndikutitimira mpaka m'ntchafu nsapato imodzi inatsala komweko. Komanso nsomba zinadya kwa ola limodzi lokha kenako zii. Chinachitika n'chiyani? Ndine Wa Nsapato Imodzi.

YANKHO: Hahaha pepani bambo, ndaseka koma si inu oyamba, matope a mu bay ameza nsapato zambiri. Chimene mwakumana nacho ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, ndipo mafunso anu awiri aja yankho lake ndi limodzi.

Mwezi umakoka madzi a m'nyanja zikuluzikulu, dzuwa nalonso limathandizira pang'ono. M'malo ambiri madzi amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, kuchoka pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamatenga maola 12 ndi mphindi 25, nde tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mukapeza madzi odzaza 6 koloko m'mawa lero, sabata yamawa nthawi yomweyo mupeza matope. Pali malo ena, monga mbali zina za Gulf of Mexico, kumene zimachitika kamodzi kokha pa tsiku. Kukula kwakenso kumasiyana kwambiri, ku Mediterranean madzi amangosuntha pang'ono osafika n'komwe mita m'malo ambiri, pomwe ku Bay of Fundy ku Canada amatha kukwera ndi kutsika mamita 16, nyumba yosanja kangapo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, mwezi ndi dzuwa zimakokera pamodzi, madzi amadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri, ndipo amathamanga. Pakati pa masabata amenewo amafatsa.

Ndandanda ya nthawi zimenezi imapezeka pa intaneti ya doko lililonse, chaka chonse, muziiona musanagone ngati mmene mumatcherera alamu. Ndiye pali kawerengedwe kakale ka amalinyero kothandiza kwambiri. Gawani madzi onse amene akwere kapena kutsika m'magawo 12. Ola loyamba kumasuntha gawo limodzi, lachiwiri awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Kutanthauza kuti theka la madzi onse limachoka m'maola awiri apakati aja. Inu munkaona ngati palibe chikusintha, munatembenuka kumanga mbedza, kenako gombe lapita.

Za nsombazo. Madzi akamayenda amanyamula tinsomba, nkhanu ndi shrimp kuchoka m'maudzu ndi m'matope, nsomba zazikulu zimangobisala pamene chakudya chikudutsa, pakamwa pa kamfuleni, kuseri kwa mwala, pamphepete pamene posaya pakuthera n'kuyamba pakuya, kumutu kwa kachilumba. Zimayang'ana kumene madzi akuchokera, nde nyambo yanu iponyeni kumtunda kwa mayendedwe a madzi ibwere yokha ngati yatengedwa. Madzi akaima, pamene adzaza kapena aphweratu, nsomba zambiri zimasiya kudya, ndi zii munamuonayo. Imeneyo ndi nthawi yomwa madzi, kuwongola miyendo ndi kusamukira pena. Ine ndimakonda maola awiri omaliza madzi akamaphwa, ndimakaima pakamwa pa kamfuleni poti chilichonse chimene chinakwera kukadya m'maudzu chimayenera kutulukira pomwepo, koma ena amalumbirira madzi olowa, tisakangane, bay iliyonse ili ndi khalidwe lake. Tsiku lina mudzapiteko dala madzi ataphweratu opanda ndodo, mukangoyang'ana maenje, ngalande ndi milu ya nkhono zili poyera, mujambule pa foni, amenewo ndi mapu anu madzi akadzabwerera.

Chinthu chimodzi chokha ndikuchenjezeni. Pakamwa pa bay, madzi onse aja amapanikizana potuluka ndipo amatha kuthamanga kuposa mmene inu mungapalasire, munthu wamba pa kayak yowedzera amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola basi. Mphepo ikamawomba molimbana ndi madzi otulukawo mafunde amaimirira, aafupiafupi osongoka, pamalo pamene ola lapitalo panali bata. Pamenepo musayandikire mpaka mutapadziwa bwino, ndipo konzani ulendo kuti madzi akuthandizeni pobwerera osati popita.

FUNSO: A Malume ndithandizeni. Amuna anga agula kayak ndipo amapita okha m'bandakucha, jekete yoyandamitsa ija amaimangirira kumbuyo kwa mpando akuti imatentha komanso amadziwa kusambira. Ine mtima sukhala m'malo mpaka abwere. Ndikudandaula zachabe? Ndine Mayi wa Ana Atatu.

YANKHO: Mayi, simukudandaula zachabe, ndipo tsamba lino muwapatse awerenge okha. Bambo, jekete imene ili kumbuyo kwa mpando ndi ya kayak, si yanu. Munthu sagwa atakonzeka. Amagwa akutembenuka kutenga chinthu kumbuyo, kapena akukoka mbedza imene yakola mwala kenako yamasuka mwadzidzidzi, kapena boti la injini ladutsa n'kusiya funde cham'mbali. Mukangogwa mphepo imakankha kayak yopanda munthu mofulumira kuposa mmene mungasambirire mutavala zovala ndi nsapato, jekete yanu ikupita nayo limodzi. Za kutenthazo, zilipo zopangira asodzi a pa kayak, zofewa kumsana kuti zisalimbane ndi mpando, zili ndi matumba oikamo wezulo, mpeni ndi pulayazi, mukaivala mphindi khumi mumaiwala.

Kusambira kumene mukudalirako kumagwira ntchito m'madzi ofunda. Madzi akazizira kutsika pa madigiri 15 Celsius, mphindi yoyamba thupi limadzidzimuka, mumapuma mwabefu osafuna ndipo mutu ukakhala pansi pa madzi nthawi imeneyo mwameza. Pakatha mphindi khumi kapena kuposerapo pang'ono zala ndi mikono zimayamba kukana. Nde muzivala molingana ndi kuzizira kwa madzi osati kutentha kwa dzuwa.

Mayi, m'malo mowaletsa, apempheni zinthu izi ndipo musagonje. Akuuzeni kumene atsikire, kumene akawedze ndi nthawi imene abwere, ndiponso amene mumuimbire nthawiyo ikadutsa. Foni ikhale m'kachikwama kosalowa madzi, pathupi pawo osati m'bokosi. Ngati bay yake ndi yodutsa maboti agule wailesi ya m'manja ya VHF, tchanelo 16 ndi yoitanira thandizo pa nyanja dziko lonse lapansi, koma afunse kaye malamulo a komwe muliko poti mayiko ena amafuna chiphaso. M'bandakucha muja akhale ndi nyali yoyera, malamulo a pa nyanja amafuna kuti chombo chopalasa chikhale ndi tochi yoti chionetse chisanagundidwe, komanso kambendera kowala pa kamtengo kumbuyo, chifukwa kayak imabisika pakati pa mafunde woyendetsa boti saiona. Mu njira ya sitima asaimemo kuwedza, sitima yaikulu singakhote kapena kuima chifukwa cha iwo, akafuna kudutsa adutse molunjika msangamsanga.

Ndipo tsiku lina madzi ofunda mupite nawo limodzi, inu mukhale pagombe, iwo apite pamene mapazi safika pansi adzigwetse dala. Aitembenuze, agwire chogwirira cha mbali inayo, amenye miyendo kumbuyo thupi ligone pamwamba pa madzi, adzikokere pamimba mpaka mchombo ufike pakati, kenako atembenuke akhale. Zikumveka zophweka eti? Koyamba ambiri amalephera katatu kanayi, makamaka pa kayak zazitali m'mbali zija. Akakwanitsa abwereze ili ndi katundu yense. Mukawaona akukwera bwinobwino nanunso tulo tizibwerako.

Za mphepo ndiwonjezere pang'ono poti ndi imene imasocheretsa ambiri. Woyamba kumene asatuluke ikapitirira makilomita 18 pa ola, pa zanyengo za panyanja amalemba kuti 10 knots, mukayamba kuona timitu toyera pa mafunde ndiye kuti yafika. Yonyenga kwambiri ndi yochokera kumtunda kupita kunyanja, pagombe pamaoneka bata chifukwa mitengo ndi zitunda zatchinga, koma mukatalikira imakula ndipo ikukankhirani kunja.

FUNSO: Nangula ndi wofunika? Ndikangoima mphepo imanditenga. Ndamangirira chingwe pa chogwirira cha pambali pa mpando poti m'pamene dzanja limafika. Ndine Wongoyandama.

YANKHO: Masulani lero lomwe achimwene. Nangula womangidwa pambali ndi njira yachidule yogadabuzikira, madzi akathamanga kayak imapingasa, chingwe chikukokera mbali imodzi pansi madzi akukankha inayo, simuchedwa. Nangula amagwira kumphuno kapena kumbuyo basi. Poti dzanja silifika kumeneko, pali kachingwe kozungulira pa timapule tiwiri m'mbali mwa kayak, amakatcha anchor trolley, mumakoleka chingwe cha nangula pa mphete muli pampando kenako n'kuikoka ipite kumbuyo, mutha kupanga nokha ndi zinthu zochepa. Nangula wopinda wa kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka akwana, chingwe chikhale chotalika katatu kuya kwa madzi kapena kuposa kuti agone n'kugwira, ndipo kumapeto kwake mangani choyandama kuti zikavuta, kaya boti likubwera kaya nsomba yaikulu ikukukokani, mungomasula n'kudzamutenga pambuyo. Mpeni ukhale pa jekete. Pamadzi osaya kwenikweni nangula ngosafunika, ndodo yaitali yozika m'matope imagwira bwino komanso mwakachetechete. Pena osalimbana nayo mphepo, ponyani kathumba kokhala ngati ambulera kamene kamakoka m'madzi, kakuchedwetseni muzingoyandama pang'onopang'ono mukuponya malo atsopano.

FUNSO: Miyezi itatu yokha reel yanga, chokulungira chingwe cha pa ndodo chija, yayamba kulira ngati chigayo, mbedza zonse m'bokosi zachita dzimbiri, zipi ya chikwama yauma gwa. Ndinagula zabodza? Ndine Wokhumudwa.

YANKHO: Mwina ayi. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo pa kayak zida zili pafupi ndi madzi kuposa pa boti lililonse, nkhafi yokhayo imadonthezera pa reel tsiku lonse. Madzi akauma mchere umatsala n'kumakoka chinyontho, umagwira ntchito usiku inu muli mtulo. Mukafika kunyumba, musanakhale pansi, tsukani zonse ndi madzi abwino. Reel muyambe mwamanga drag, kabuleki kaja kolimbitsa katulukidwe ka chingwe, muiwaze madzi mofatsa osati ndi paipi yamphamvu poti imeneyo imakankhira mchere m'kati, ipukuteni, ikauma masulani drag ija n'kudonthezera mafuta pa chogwirira ndi pa kagudumu kodutsa chingwe. Isamizidwe m'madzi ngakhale abwino. Mbedza imene yalowa m'nyanja isabwerere m'bokosi limodzi ndi zatsopano, imodzi yonyowa imawononga zonse, ine ndimaponya zogwiritsidwa ntchito m'kabotolo kena n'kukazitsuka kunyumba. Ndipo musamatenge bokosi lonse, tengani zochepa za tsikulo.

Kayak yeniyeniyo, ngati ndi ya pulasitiki ya polyethylene monga zambiri, mchere suivuta, mdani wake ndi dzuwa ndi kukhulika pansi. Isungeni pamthunzi, yogona chafufumimba pa mipiringidzo kapena cham'mbali, mukaisiya pa dzuwa itamangidwa zolimba pa galimoto pansi pake pamabonyoka. Guluu sagwira bwino pa pulasitiki imeneyi, ikang'ambika amaiwotcherera ndi pulasitiki inzake. Koma tsukani zingwe za chiwongolero, tinjanji ta mapazi ndi mapedulo ngati alipo poti mchenga umabisala mmenemo, ndipo mukamaboola kuti muikepo chinthu gwiritsani mabawuti osachita dzimbiri msanga, a stainless ya 316, osati aliwonse amene mwawapeza m'chitini. Zipi ija inyikeni m'madzi ofunda kwa kanthawi, muitsuke ndi kaburashi ka mano kakale, ikayamba kuyenda muipake kandulo.